Wilibala Yanga Pakati pa Akhristu Oyamba

Usiku watha ndinalota ndili ku Yerusalemu, m'masiku a akhristu oyambirira aja. Palibe anandiuza kuti kuno ndi ku Yerusalemu, ndinangodziwa, ngakhale msewu wake unali uja wochokera pamsika wa Luchenza kupita kwathu. Chigayo cha pakona chija chinalipo, kungoti pakhomo pake panagona ngamira ziwiri. Kumtunda ndinavala jekete langa la Lamulungu, kumunsi mkanjo wautali wofika m'akakolo, nsapato ndinalibe. Ndipo ndinkakankha wilibala yanga.

Ena mwa inu mukuidziwa wilibala imeneyi, koma kwa amene simukuidziwa ndifotokoze kaye, chifukwa popanda iyo malotowa simuwamva. Ine ndine Chikopa, ndinali mmisiri womanga nyumba mpaka pamene msana unandikana. Zida zambiri ndinagawira ana, koma wilibala ndinatsala nayo, yobiriwira, ya chitsulo chakale chija chosapindika. Zaka ziwiri zapitazo a Matola, oyandikana nawo nyumba, omwenso timapemphera mpingo umodzi, anaibwereka kuti atutire manyowa kudimba. Inabwera patatha masiku anayi, tayala litaphulika, ndowe zitaumira m'kati, ndipo anangoiimika pakhonde osanena kanthu. Ine ndiye ndinanena kanthu. Ndinanena pakhomo pa tchalitchi anthu akutuluka, ndipo sindinanene motsitsa mawu. Kuchokera tsiku limenelo sitipatsana moni. Iwo amakhala mbali ya kwaya, ine mbali ya kukhomo. Tayala ndinagula lina, wilibala ndinaimanga ndi tcheni kumtengo wa gwafa kuseri kwa nyumba, ndipo aliyense wodzabwereka ndimamuuza kuti ndi yowonongeka. Ena mwa inu ndinakuuzani choncho. Lero mwadziwa.

Ndiye m'malotomo ndinafika pa nyumba ina ya miyala, yosapaka pulasitala. Ndinaima kaye kuyang'ana khoma, poti ntchito siichoka m'maso, ndipo ndinaona kuti ngodya yakumanzere inapendekeka pang'ono. M'kati munkamveka nyimbo. Chinthu choyamba chimene ndinachita chinali kubisa wilibala kuseri kwa mtengo wa mkuyu womwe unali pambali. Tcheni ndinalibe, choncho ndinangoiphimba ndi masamba. Kenako ndinati, "Odi!"

Anatsegula mayi wina wachikulire, wamfupi, wa maso akuthwa. Sanandifunse dzina. Anangoti, "Lowa m'bale, timadikira iwe." Iwe ameneyo anandilasa pang'ono, munthu wamkulu ngati ine. Ndinakonza jekete n'kumuuza kuti kwathu ine ndine wachiwiri kwa wapampando wa komiti ya zomangamanga. Mayi uja anayang'ana uku ndi uku m'nyumbamo, n'kufunsa kuti, "Mpando uti?" Ndinayang'ananso ine. M'nyumba monse munalibe mpando ngakhale umodzi.

Kunja inkaoneka ngati nyumba ya zipinda ziwiri, koma m'kati munali anthu ochuluka ngati pamaliro a munthu wotchuka. Munali asodzi, amalonda ovala mphete, akapolo a zipsera m'manja, amayi oyamwitsa, onse pamphasa, osakanikirana, moti sukadadziwa kuti bwana ndi uti. Ndisanapeze pokhala, chimunthu china cha ndevu zofika pachifuwa, chonunkha nsomba zouma, chinandikumbatira n'kundinyamula m'mwamba, mapazi kusiya pansi. Msana unati khwe! Ndinati lero ndafa. Chitanditsitsa ndinaona kuti ndaima mowongoka kuposa mmene ndaimira zaka zonsezi, koma sindinachithokoze chifukwa sichinapemphe chilolezo.

Kenako ndinapezeka ndakhala pamwala, munthu wina atagwada patsogolo panga ndi beseni la madzi. Wina anandinong'oneza kuti ameneyu ndiye mwini nyumba, munthu wolemera wokhala ndi zombo zake. Tsono mapazi anga, thokozani kuti simuwadziwa. Zaka zonse zopondaponda simenti zinasiya ming'alu m'zidendene yoti njere ya chimanga ikhoza kulowamo n'kumera. Ndinayesa kuwabisa mu mkanjo, iye anawakoka. Anayang'ana chidendene chimodzi nthawi yaitali. Ndiye anaitana mkazi wake kuti adzaone. Mkaziyo anaitana mnzake. Posakhalitsa mpingo wonse unali utazungulira zidendene zanga, wina akuthira mafuta, wina akupemphera mokweza, ndipo nkhalamba ina inafunsa ngati ndayenda wapansi kuchokera kumalekezero a dziko. Ndinati ayi, ku Luchenza basi. Inagwedeza mutu ngati ndi komweko. Koma ndinene zoona, madzi aja anali ofunda bwino, ndipo munthu wolemera uja anasambitsa mapaziwo mosanyansidwa, ngati akusambitsa khanda lake.

Ndiye anthu anayamba kupita kutsogolo mmodzimmodzi. Kutsogoloko kunakhala atumwi. Enawo nkhope zawo sindinazione bwino, koma wamkulu wawo anali chimunthu cha ndevu chija. Aliyense ankabwera ndi chimene ali nacho n'kuchiika pamapazi pawo kuti chikhale cha onse. Bambo wina anabwera atasenza munda paphewa, ataukulunga ngati mphasa, chimanga chili chilili momwemo, n'kuutula pansi. Palibe anadabwa. Inenso sindinadabwe, ndinangoona kuti anabzala mothithikana. Mayi wina anabweretsa mbuzi yokhala ndi ana awiri. Wina anazula chitseko cha nyumba yake, akuti sachifunanso poti aliyense ndi wolandiridwa kwake. Wina analibe kalikonse, anangobwera n'kuima pamenepo, n'kunena kuti manja ake ali ndi mphamvu, ndipo anthu anamusangalalira kuposa wa munda uja. Wosowa ankangopita pamulu paja n'kutenga chimene akusowa, palibe womuyang'ana m'maso. Mayi wina anatenga chitseko chija, poti kwake kunalibe.

Mzere unkafupika, ine ndili momwemo. Ndinapisa m'matumba a jekete, ndinapezamo chipeso chothyoka mano ndi cholembera chosalemba. Nditafika ndinaziika pansi mosamala, pambali pa munda. Mtumwi uja anayang'ana chipeso, anayang'ana mutu wanga umene tsitsi linathamo kalekale, n'kufunsa mofatsa kuti, "Ndi zokhazi zimene uli nazo, m'bale?"

Ndisanayankhe, kunja kunamveka kwii, kwii. Wilibala yanga ili ndi kaliridwe kake, ndingaizindikire ngakhale pakati pa zinzake zana. Inali itatuluka yokha m'masamba muja, ikuzungulira nyumba ngati mbuzi yofuna mwini wake. Kwii, kwii, mpaka inadzasuzumira pakhomo. Mpingo wonse unacheuka.

Pakamwa panga panangoyankha pokha mwa chizolowezi: "Imeneyo ndi yowonongeka."

Abale anga, bata lotero sindinalimvepo. Ngakhale mbuzi ija inasiya kutafuna. Pafupi ndi khomo panali amuna anayi amphamvu amene poyamba sindinawaone. Anadzuka pang'onopang'ono, wina akupinda manja a malaya, wina akuyala mphasa pansi. Mayi wamfupi wotsegula chitseko uja anandinong'oneza kuti amenewo ntchito yawo ndi kunyamula anthu onama pamaso pa mpingo, poti oterowo amangogwa pomwepo osadzukanso, ndipo sabata yatha ananyamula awiri. Anandifunsanso ngati ndili ndi uthenga uliwonse wopita kwa akazi anga.

Ndinaganiza kuti ngati kuli kugwa, bola ndigwere pafupi chifukwa cha msanawu. Choncho ndinakhala pansi ndekha, kenako ndinagona chagada, manja pachifuwa, n'kutsinzina. Ndinadikira. Chimene chinkandiwawa sichinali imfa yeniyeniyo ayi, koma kuti pamaliro anga abusa adzaimirira n'kunena kuti malemuwa anafera wilibala, a Matola ali pomwepo akumva.

Ndiye ndili chigonere ndinakuwa, "Ikuyenda! Tayala ndi latsopano! Kulirako ikungofuna girizi!"

Nditatsegula diso limodzi ndinaona amuna anayi aja akukulunga mphasa yawo, mmodzi akuoneka wokhumudwa ndithu. Mtumwi uja anandidzutsa ndi dzanja limodzi ngati akunyamula thumba lopanda kanthu. Anandiuza kuti m'nyumba muno palibe amene amalandidwa chake. Ndikadangonena kuti ndi yanga ndipo sindikufuna kupereka, palibe akadandikwiyira, ndipo chakudya ndikadadya chimodzimodzi. Ndinafunsa ngati mwayi umenewo ukadalipo. Anati watha.

Kenako tinali panja, dzuwa lili pamutu, wilibala itadzaza ndi mikate yotentha. Anandifotokozera kuti tsiku lililonse amagawa chakudya kwa amayi amasiye, ndipo akhala akusenza m'madengu mpaka makosi kuwawa, tsono Ambuye awatumizira chinthu cha mwendo umodzichi. Anthu ankaisisita, ena ankafunsa kuti imadya chiyani. Mtima wanga unayamba kukoma, mpaka ndinawaonetsa mmene amaipendeketsera pokhuthula. Ndiye mtumwi uja ananena kuti pa ntchito ya mpingo munthu sayenda yekha, amayenda awiriawiri, ndipo mwamwayi chinthuchi chili ndi zogwirira ziwiri. Anaitana m'bale wina kuti agwire chinacho.

M'baleyo anali a Matola. Anavala mkanjo ngati wina aliyense, ndevu zitamera mpaka pamimba, koma kumapazi anali ndi majombo awo omwe aja a kudimba, lina lomanga ndi mphira. Sanandiyang'ane, inenso sindinawayang'ane. Iwo anagwira chakumanja, ine chakumanzere.

Munayesapo kukankha wilibala anthu awiri osalankhulana? Ndi m'maloto momwe sizitheka. Ine ndikafuna kukhota, iwo akupita molunjika. Iwo akaima, ine ndikukankha, wilibala n'kumazungulira pamalo amodzi ngati galu wofuna kugona. Tinagunda bulu, tinagwetsa mitsuko ya munthu wamalonda, tinalowa m'kanjira kamodzi katatu. Msilikali wina wa chisoti chachitsulo anatiimitsa, mkondo uli m'manja, kufuna kudziwa ngati ndife a gulu loletsedwa lija lomasonkhana m'nyumba. Ndinauma. Koma atationa mmene aliyense ankayang'anira kwake, anauza msilikali mnzake kuti anthu a gulu lija amakondana, awa si iwo. Anatilola kupita. Ndinapulumuka, koma sindinakondwe.

Amayi amasiye tinawapeza atakhala mumthunzi wa khoma, magulu awiri, ena chakuno ena chauko. Ankalankhula zinenero zosiyana, koma ine ndinkamva zonse ngati Chichewa. Tisanatsitse n'komwe mkate, phokoso linabuka. A gulu lina ankati tsiku lililonse iwo amalandira mikate ya pansi yophwanyika, anzawowo ya pamwamba. Enawo ankati bodza, dzulo ife tinalandira yopserera. Mayi wina anandiika mkate pamphuno kuti ndinunkhize ndiweruze. Ndikuuzeni, apa mtima wanga unakhala pansi. Abusa akamalalikira za anthu amenewa ndimaona ngati anali angelo okhaokha, koma apa zinangokhala ngati ndili kutchalitchi kwathu pa Khirisimasi nthawi yogawa mpunga. Chosiyana n'chakuti atakangana mokwanira, mayi wa mkate wopserera uja ananyema wake pakati n'kupatsa yemwe ankakangana naye kwambiri, ndipo anadya atatsamirana, akupitiriza kudandaula.

Panali mayi mmodzi wonenepa, wa miyendo yotupa, amene anali asanafike kumapemphero kwa nthawi yaitali chifukwa cholephera kuyenda. Anzake ataona wilibala yatsala yopanda kanthu sanapemphe n'komwe, anangomukweza. Ndinafuna kunena kuti wilibalayi ili ndi malire ake, koma pakamwa panali patandiputira kale zokwanira tsiku limenelo. Tinayamba kukwera chitunda. Pakatikati a Matola anasiya chogwirira chawo kuti amange jombo, ine ndinagwira zonse ziwiri n'kupitiriza ndekha, kuti aone kuti sindikuwafuna. Ndinayenda mapazi khumi. Phuu! Tayala latsopano lija linaphulika, m'manja mwa ine mwini, pamsewu wosalala wopanda ngakhale munga.

A Matola anafika, anayang'ana tayala, kenako anandiyang'ana ine koyamba.

"Amaphulika, a Chikopa," anatero.

Basi, zokhazo. Sanaseke, sananyoze. Bola akadaseka.

Ndiye sindikudziwa kuti zinasintha bwanji, koma amene anali m'wilibala sanalinso mayi uja, ndinali ine. Ndinagona chagada, miyendo ikulendewera kutsogolo, msana ukuyaka moto, ndipo pamwamba panga ndinkaona chibwano cha a Matola, thukuta likudonthera pamphumi panga. Ndevu zija panalibe. Msewu sunalinso wa ku Yerusalemu. Apa ndiime pang'ono, chifukwa ichi si maloto okha, chinachitikadi. Tsiku limene ndinagwa padenga la nyumba ina kuseri kwa njanji, chaka chimene msana wanga unathera, anthu anangondizungulira akukambirana zoti aitane ndani. A Matola ankadutsa kuchokera kudimba. Anakhuthula mchenga umene unali m'wilibala yangayi, anayalamo malaya awo, anandikweza, n'kundikankha mpaka kumsewu waukulu komwe tinapeza galimoto yopita kuchipatala. Njira yonse ankangoti, "Musagone a Chikopa, ndiyankhuleni," ine ndikuwakalipira chifukwa cha mabampu. Zimenezi sindinaiwale ayi, kungoti zaka ziwirizi ndakhala ndisakufuna kuziganiza. M'malotomo ananenanso chimodzimodzi, "Musagone," ndipo ndinafuna kuwauza kuti ndagona kale, awa ndi maloto, koma pakamwa sipanatseguke.

Kenako ndinapezeka m'chipinda chapamwamba cha nyumba ya miyala ija, ngakhale poyamba inalibe chipinda chapamwamba, ndipo ine monga mmisiri ndinadera nkhawa maziko. Anthu onse anali momwemo, ndi mayi wa miyendo yotupa yemwe, atakhala kutsogolo, akuimba kuposa onse. Nyimbo zawo zinalibe ng'oma, zinalibe wotsogolera. Wina ankangoyamba pakona, ena n'kulandira, aliyense m'chinenero chake, koma zinkagwirizana. Ine ndinayesa kuikamo besi yanga ija imene a kwaya anandipempha mwaulemu kuti ndiziisungira kunyumba. Kuno palibe anacheuka kundiyang'ana. Mayi wina anachita kusendera pafupi kuti amve bwino. Ndinaimba mpaka misozi, sindikubisa.

Atatha kuimba anayamba kukamba za Ambuye. Sunali ulaliki, ankangokamba ngati anthu amene m'bale wawo wachoka dzana ndipo abwera posachedwa. Wina ankati ine ndinayenda naye ulendo wakutiwakuti, wina ankati ine anandigwira phewa ili, ndipo enawo ankaligwira phewalo. Nthawi ndi nthawi wina ankadzuka kukasuzumira pazenera ngati akubwera. Inenso ndinapita kukasuzumira kamodzi, ndikukonza jekete.

Ndiye anabweretsa mkate umodzi waukulu ndi chikho chimodzi. Chikho chimodzi, anthu onse aja. Ine nthawi yomweyo ndinayamba kuona kuti chichokera mbali iti, chifukwa ndevu za a Matola zinali zitabwereranso ndipo sindinkafuna kumwa pomwe zaviikidwa. Ndinasuntha kukakhala kutsogolo kwawo. Ndikacheuka, ali kutsogolo kwanga. Ndinasintha malo kanayi. Kachisanu ndinapezeka ndakhala moyang'anizana nawo, mawondo akugundana.

Mkate unayamba kuyenda. Aliyense ankanyema n'kupatsira mnzake, ndipo sunkachepa. Fungo lake lokha mimba inalira, poti tsiku lonse ndinagawa mikate osalawa. A Matola ananyema bwinobwino, wofewa. Utafika m'manja mwanga unauma gwa ngati njerwa yootcha. Ndinayesa ndi zala, ndinayesa pabondo, ndinayesa ndi mano. Ndinafunsa ngati alipo amene ali ndi hamala. Mayi wamfupi uja anandiuza kuti mkatewu umatero ukafika kwa munthu amene ali ndi nkhani ndi m'bale wake, ndipo sudumpha munthu, onse a kumbuyo kwanga adikira. Ndinacheuka. Kumbuyo kwanga kunali theka la mpingo, nkhalamba, ana, amayi oyamwitsa, onse ali ndi njala, onse maso pa ine. Palibe anakalipa. Akadakalipa bwenzi ndikudziwa choyankha. Kamtsikana kena kanangofunsa amayi ake kuti, "Agogowa atenga nthawi yaitali?"

Mumtima ndinati, nanga kwa a Matola wanyemeka bwanji, pamene nkhaniyi ndi ya tonse awiri? Mayi uja anayankha ngati wandimva. Anati a Matolawo anabwera pakhomo panga kawiri, tayala lili m'manja, ndipo ine ndinauza akazi anga kuti anene kuti ndachoka. Zimenezonso, abale, zinachitikadi. Kachiwiriko ndinabisala m'bafa, ndinakhalamo mpaka udzudzu unandimaliza.

Ndiye ndinaimirira, mkate uli m'khwapa. A Matola anali pomwepo pafupi, koma nditangoponya phazi chipinda chinatalika, iwo ali kutali ngati kumapeto kwa bwalo la mpira. Ndinayenda, ndinayenda, mapazi opaka mafuta aja akuterera. Anthu anayambanso kuimba motsitsa. A Matola nawo anadzuka n'kuyamba kubwera, majombo akulira phwa, phwa. Tinakumana pakati. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti pepani, koma chimene chinatuluka ndi kwii, kwii. Ndinayesanso. Kwii. A Matola anagwedeza mutu ngati amva bwinobwino, n'kunena kuti, "Inenso ndikadaitsuka wilibala ija." Mkate m'khwapa muja ndinaumva ukufewa, ukutentha.

Mtumwi wa ndevu anafuula kuti, "Patsanani moni wa abale!" Ine ndinatambasula dzanja, lina ndagwira pachigongono mwaulemu monga timachitira. Mpingo wonse unati ayi. Mtumwi anati ndione mmene iwo amachitira. Ndiye ndinaona amuna akuluakulu, a ndevu zawo, akugwirana mapewa n'kumapsompsonana patsaya, mwa! mwa! chipinda chonse. Ndinati, "Achimwene, kwathu timangopatsana dzanja." Anati kuno si kwanu. Anthu a njala aja anali akudikirabe. Ndinaona kuti palibe kothawira. Ndinatsinzina, ndinawagwira a Matola mapewa, ndinawakokera kwa ine, ndinati, "A Matola, m'bale wanga," n'kuwapsompsona patsaya mwamphamvu kuti zithere kamodzi.

Chigongono cha m'nthiti ndicho chinandidzutsa.

"Mwati ndani?"

Ndinatsegula maso. Kunja kukuyera, ine ndagwira mapewa a mayi a Tadala, akazi anga, bulangete lonse ndalipanira m'khwapa. Anandikankha n'kukhala tsonga, dzanja lili patsaya, akundiyang'ana ngati apeza njoka m'dengu la ufa.

"Zaka makumi atatu m'nyumba muno simunachitepo zimenezi," anatero. "Lero mwachita, n'kumatchula a Matola?"

Ndinayamba kufotokoza za Yerusalemu. Anati ndibweze kaye bulangete, Yerusalemu adikire. Nditawafotokozera zonse pa tiyi anaseka mpaka kutsamwa. Kenako anasiya kuseka n'kundiuza kuti mlaga, mapemphero athu a m'makomo aja, Lachinayi lino uli kunyumba kwa a Matola, ndipo iwo atopa kumapita okha n'kumauza anthu kuti bambo msana wavuta. Akuti ulendo uno wina akafunsa, anena zoona.

Ndikutsuka m'kamwa kuseri kwa nyumba ndinawaona a Matola kutsidya kwa mpanda, akukhoma mpini wa khasu. Anadzutsa mutu. Dzanja langa linakwera lokha mpaka paphewa, ndiye ndinachita mantha n'kulipitiriza kukakanda m'mutu. Iwonso anakanda m'mutu mwawo. Sindikudziwa ngati ameneyo anali moni.

Tsono inu odziwa kumasulira maloto, ndithandizeni. Za mkate wouma ndazimva ndekha, musavutike nazo. Koma amuna anayi a mphasa aja akutanthauza chiyani, makamaka wokhumudwa uja, amene ndikaganiza nkhope yake ikufanana ndi ya mlamu wanga? Nanga Lachinayi ndikapita, ndiyambe ndine kulankhula, kapena ndingokakhala pafupi nawo n'kumaimba? Mundiyankhe Lachitatu lisanathe. Koma amene akufuna kunena kuti malotowa akwaniritsidwe onse mpaka patsaya, ameneyo asayankhe.